Digiri ya Ndaziona ndi Mutu wa Mfumu

A Nduna Dyeratu, ndinu amene munathamangitsa mwana wa a Nasimango m'dziko muno. Musayang'ane kumbali ngati ndikunena wina. Ndikunena inu, Nduna ya Ulemu, Mwambo ndi Zamlengalenga mu ufumu wa Weramani, inu amene mumavala jekete ya mabatani agolide ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa miyala. Simunamuthamangitse ndi chikwapu, simunamutumire apolisi. Munangomufunsa mafunso, mafunso ozizira, mpaka mwana analongedza chikwama. Lero mukuvina pa wailesi ya kanema mutamanga chitenje cha setilaiti yake m'chiuno. Manyazi anakuthawani liti?

Imani pomwepo, musachoke. Ena amene akuwerenga izi sanapondeko ku Weramani, ndiyambe ndawafotokozera.

Ku Weramani kuli lamulo limodzi loposa ena onse: palibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba pa mutu wa Mfumu. Amalitcha Lamulo la Mutu. Tsono Mfumu yake, Salumphika Wachiwiri, ndi munthu wamfupi, ndipo zimenezi zimachulukitsa ntchito. Mfumu ikamadutsa, anthu amatsikira m'ngalande za m'mbali mwa msewu, aatali n'kugona chafufumimba. Woimeta amaikweza kaye pa tebulo n'kumaimeta kuchokera m'munsi, moti pa liwombo pali tsumba limene silinaonepo lumo chibadwire. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inadulidwa yonse. Mawaya a magetsi anavuta kudula, choncho anagwirizana kuti Mfumu ikatuluka magetsi azizimitsidwa dziko lonse, kuti pamwamba pake pazingokhala waya wopanda kanthu. Mbalame zinaitanidwa ku bwalo, sizinabwere, zinagamulidwa zili kwawo. Dzuwa lokha ndi limene linakhululukidwa, ati chifukwa madzulo aliwonse limatsika lokha kudzapepesa.

Panatsala zinthu zimene Mfumu singakhale popanda izo: denga, chipewa ndi ambulera. Apa akuluakulu anaganiza mpaka thukuta. Pa mwambo wa ku Weramani, munthu yekhayo amene ali pamwamba pa mfumu ndi malume ake. Basi, denga la nyumba yachifumu analilonga umalume. Chipewa anachikhazika pa mphasa, anachilangiza, amayi anaimba nthungululu, chinadzuka pamenepo chili malume. Ambulera chimodzimodzi. Mpaka lero a Malume Ambulera ali ndi mpando wawo m'bwalo, ndipo chibowo chimene chili pa nsalu yawo sichinasokedwe, chifukwa palibe amene angalimbe mtima kubaya malume a Mfumu ndi singano.

Ndi dziko limeneli limene Ndaziona Kamtedza anabwererako atamaliza maphunziro kunja. Mayi ake, a Nasimango, amagulitsa kaunjika mumsika wa Tapirira. Mwanayu anali ndi mutu wa masamu kuyambira ali wamng'ono. Anapeza sikolashipu, anakatenga digiri yoyamba, n'kuwonjezera ya masitazi pa uinjiniya wa masetilaiti ndi zombo za mlengalenga. Anzake a m'kalasi makampani anawalimbirana asanavule n'komwe mikanjo. Iye anati ayi, ine ndikagwira kwathu. Pajatu ku Weramani kuli Dipatimenti ya Zamlengalenga, nyumba yaitali ndithu koma chopingasa. Ili ndi magalimoto, ili ndi kwaya, ili ndi timu ya ntchemberembaye. Injiniya ndiye mulibe. Mpando wake ulipo, amaikapo ketulo.

Mpando umenewo ndi umene Ndaziona ankaufuna. Koma digiri yakunja sigwira ntchito ku Weramani isanayesedwe ndi Bwalo Loyesa Madigiri n'kudindidwa chidindo. Popanda chidindocho, ngakhale utadziwa kupanga mwezi wachiwiri, sangakulembe ngakhale yosesa. Ndipo wapampando wa bwalolo, wosunga chidindo m'thumba la jekete, ndinu, a Dyeratu.

M'mawa wa tsiku loyesedwa, Ndaziona anadzera kumsika.

“Kavale izi,” anatero a Nasimango, akukutumula siketi ndi jekete zimene anabisa pansi pa belo kuti makasitomala asazione. “Ndipo nsapato za gogoda usavale. Msinkhu wakowu ndi mlandu kale.”

“Amayi, akukayesa digiri, osati msinkhu.”

“Iwe unachoka kale kuno eti,” analowerera Che Amidu, wokhoma mbaula ndi ndowa, amene benchi lawo lili moyang'anana ndi la a Nasimango. “Mphwanga anapitako kumeneko ndi dipuloma ya zomangamanga. Anamufunsa ngati amatha kumanga nyumba yosanjikizana. Anati eya, monyadira. Pano akugulitsa mazira owiritsa pa depoti.”

“Ukakafika uzingoti inde bwana,” anamutsanzika mayi ake.

M'bwalomo analowa choyenda ndi maondo, chifukwa chithunzi cha Mfumu munachikhoma m'munsi mwa khoma, ndipo chithunzi nacho chili ndi mutu. Oyesa munalipo atatu: inuyo, a Kaputeni Phokoso amene amatsogolera mdipiti wa galimoto za Mfumu, ndi a Malume Ambulera, atatsamira pa mpando wawo. A Malumewo salankhula, ndipo kukhala chete kwawo kumawerengedwa kuti agwirizana ndi wapampando.

Munatembenuza digiri ija uku ndi uku, munainunkhiza.

“Mtsikana iwe, pepala lako ndi lolimba bwino. Tatiuza, unaphunzira chiyani kwenikweni?”

“Zikomo a Wapampando. Setilaiti ndi kabokosi kamene timakatumiza kumwamba ndi roketi kuti kazizungulira dziko. M'kati mwake mumakhala batire, kamera, wailesi ndi kompyuta. Chilichonse chili ndi katswiri wake, ndipo katswiri aliyense amafuna chake chikhale chachikulu. Wa kamera akufuna magetsi onse, wa batire akudandaula kutentha, wa wailesi akuti malo achepa. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti zonsezo zikukhalira limodzi osayambana.”

“Ohoo,” munatero. “Ndiye kuti ndiwe nkhoswe ya zitsulo.”

Ndaziona anatsegula pakamwa kuti atsutse, n'kuona kuti mwalasa. Ndikuyamikireni pamenepo, a Dyeratu. Chinali chanzeru choyamba ndi chotsiriza chimene munanena tsiku limenelo.

“Nanga kabokosiko katithandiza chiyani ife?”

“Kamaona mitambo isanafike, bwana, ndiye tingachenjeze anthu a kuchigwa madzi asanasefukire. Kamaona minda imene chimanga chikuuma. Kamaona nkhalango, kamaona misewu...”

“Misewu yonse?”

“Yonse imene ilipo.”

Munatsokomola. Munamwa madzi. Tonse tikudziwa kuti msewu wa ku Lonjezo, umene munadula riboni yake gule ali m'kati, ulipo pa chikwangwani pokha.

“Tisiye za misewu,” munatero. “Tikambe za mwambo. Kabokosi kameneka kamauluka pati? M'mapewa a Mfumu? M'makutu?”

“Kupitirirako pang'ono.”

“Pang'ono bwanji?”

“Kupitirira mitambo, bwana. Kupitirira ndege. Makilomita mazanamazana.”

Mlembi anagwetsa cholembera, osayesa n'komwe kuchitola.

“Kakafika pamwamba pa nyumba yachifumu,” munafunsa chonong'ona, “kamagwada?”

“Kalibe maondo.”

“Kamawomba m'manja?”

“Kali ndi mapiko a sola, koma akatambasuka atambasuka.”

Apa a Kaputeni Phokoso anamenya tebulo. Munthuyu sadziwa kulankhula motsitsa, makutu anagontha ndi sairini. “Funso langa ndi losavuta! Mdipiti wa Mfumu ukamadutsa chilichonse chimaima. Minibasi imaima. Maliro amaima. Ambulansi imaima. Ng'ombe timaziimitsa ngakhale zikubereka. Kabokosi kakoko, sairini ikalira, kakhotera pambali n'kuima?”

“Sikangaime, a Kaputeni. Kamakhala kumwambako chifukwa cha liwiro. Kakaima, kagwa.”

“Kagwera kuti?”

“Pa chilichonse chimene chili pansi pake.”

“Pansi pake pali Mfumu!”

“Ndiye n'chifukwa chake ndi bwino kasaime.”

“Mlembi, lemba! Kakuopseza!”

Nthawi yonseyi mwana ali chigwadire pa simenti. Maondo anayamba kuyaka, ndipo “inde bwana” ya mayi ake inathawa m'mutu.

“Akuluakulu, mukuvutikiranji ndi setilaiti imene sitinaipange n'komwe? Masetilaiti a mayiko ena akudutsa kale pamwamba pathu tsiku lililonse. Zikwizikwi. Pamene tikulankhula pano ina ili pamwamba pa nyumba yachifumu. Nanga mpira wakunja umene mumaonera pa mbale ija ili kuseri kwa nyumba yanu, mumati umachokera m'chitsime?”

A Malume Ambulera anatsetsereka pa mpando n'kugwa pansi. Mlembi analemba kuti akomoka.

Ndaziona anaona kuti wayatsa moto, ndipo anayesa kuuzimitsa. Mverani bwino apa, a Dyeratu, chifukwa mawu awa mudzakumana nawonso kutsogoloku.

“Ngati vuto ndi mwambo, njira ilipo,” anatero. “Agogo amanyamula mdzukulu paphewa, mutu wa mwana uli pamwamba, palibe amene amapita nazo ku bwalo. Mdzukulu amaseweretsa imvi za agogo ake, agogo n'kumaseka. Setilaiti tikaipanga ife ana a dziko lino, bwanji osangoiyesa mdzukulu wa Mfumu?”

Munaseka mpaka mabatani analira. “Chitsulo chikhale mdzukulu? Mwana iwe, sukulu yakuzunguza mutu. Mwambo si masewera.” Munanena zimenezo mukudzutsa ambulera, mukuwasasa fumbi. “Pepani malume, ana a masiku ano.”

Chidindo munachibwezera m'thumba. Munati nkhaniyi yakula, ipita kwa Mwinimutu, Mfumu yeniyeniyo.

Ndaziona asanafike kumsika, nkhani inali itafika kale, itagula ndi tomato yemwe.

“Akuti kumwamba kuli zitini zikusuzumira Mfumu pa liwombo,” anatero mnyamata wa kabaza, atakhazika phazi pa mulu wa makabichi a eni ake.

“Ndiye kuti tsumba lija analijambula kalekale,” anayankha Che Amidu, osasiya kukhoma. “Pena pake kunjako lili pa kalendala.”

“Ine ndagona kangati m'ngalande ndi dengu la tomato, kuchita kubisa mutu ngati wakuba,” anadandaula mayi wina, “pamene ketulo ya eni ake ikudutsa osapereka ndi moni yemwe?”

A Nasimango sanaseke nawo. Anangoyang'ana maondo a mwana wawo.

“Chidindo akupatsa?”

“Ayi, amayi.”

“Sindinati uzingoti inde bwana?”

“Anandifunsa za sayansi.”

“Sayansi ilibe inde bwana?”

Mlandu unafika ku nyumba yachifumu. Mfumu Salumphika inakhala pa mpando wake wa makwerero, pansi pa a Malume Denga, itavala a Malume Chipewa. Nduna zonse zinali chigonere pa kapeti, mitu yokha itadzuka ngati abuluzi.

“Mwana iwe,” inatero Mfumu, “zinthu zimenezi zikandiyang'ana, zimaona chiyani?”

“Kwenikweni zimangoona chipewa, Mwinimutu.”

“Nanga tsiku lija mphepo inaulutsa malume ku chionetsero cha zaulimi?”

Nduna ya Zofalitsa Nkhani inayamba kulira pang'onopang'ono, kuti mwina kulira n'kumene kukufunika.

“Zigwetseni!” inalamula Mfumu.

A Kaputeni Phokoso anati mfuti zilipo, koma chipolopolo nacho chikakwera chidzakhala pamwamba pa mutu wa Mfumu, ndipo palibe nthawi yolonga chipolopolo chilichonse umalume.

“Ndiye zilongeni umalume zinthuzo!”

Apa munadzutsa mutu inu. Munati maganizo a Mwinimutu ndi ozama ngati nthawi zonse, koma munthu salongedwa umalume ali kumwamba. Ayenera kutsika, akhale pa mphasa, alangizidwe. Funso ndi lakuti aziitana ndani. Mitu yonse ya pa kapeti inatembenukira kwa Ndaziona.

“Sizingamve,” anatero iye. “Si zathu. Zili ndi eni ake.”

“Mwamva nokha, Mwinimutu,” munatero. “N'zosamva, n'zosalangizidwa. Zikufunika nankungwi.”

Tsiku lomwelo lamulo linalengezedwa pa wailesi, ng'oma zikulira kumbuyo. Masetilaiti onse a pa dziko lapansi anauzidwa kuti atsike adzalongedwe umalume, apo ayi azidutsa chakumbali, mosapitirira mapewa a Mfumu. Podikira zimenezo, Mfumu situlukanso panja, chifukwa galimoto yake ilibe denga, a Malume Ambulera ali ndi chibowo, ndipo a Malume Chipewa anaonetsa kale kuti mphepo ikabwera amathawa. Ndaziona Kamtedza anasankhidwa kukhala Nankungwi Wamkulu wa Masetilaiti, udindo wa mwambo, wosafuna chidindo. Chida chake cha ntchito: chimkuzamawu.

“Nanga digiri yanga?” anafunsa.

“Tidzadinda,” munatero, mukusisita thumba. “Tikadzaona setilaiti imodzi yokha itagwada, tidzadziwa kuti unaphunziradi.”

Ndiye ntchito imene masitazi a uinjiniya anamupezera mwana wa a Nasimango ndi iyi. M'mawa uliwonse ankaima pa bwalo la Dipatimenti ya Zamlengalenga, kuloza chimkuzamawu kuthambo, n'kumawerenga malangizo amene munalemba ndi dzanja lanu. “Inu a kumwamba inu! Kuno kuli akuluakulu! Mukamadutsa muziti zikomo! Musamayang'ane anthu pa mutu!” Kwaya ya dipatimenti inkavomera m'mawu anayi. Akhwangwala ankabwera kudzamvetsera.

Anayesa kupempha zochepa. Anati mungondipatsa kompyuta imodzi ndi mlongoti wa waya, ndizilandira zithunzi za mitambo zimene masetilaiti a ena amangomwaza ulere, ndizichenjeza a kuchigwa. Munakana. Munati kulandira mphatso kwa anthu opanda mwambo ndi kuwalimbikitsa mwano. Ketulo inapitiriza kukhala pa mpando wa injiniya.

Koma kunja kwa mpanda kunachitika zodabwitsa. Poti Mfumu sinkatuluka, misewu inasiya kutsekedwa. Magetsi anayaka, n'kuyakabe, mpaka anthu anachita mantha. Bambo wina anapita ku ofesi ya magetsi kukanena kuti akwawo aonongeka, sakuzima. Anthu aatali anawongoka, ena akazi awo anayamba kuwaona nkhope koyamba. Zitsa za m'mbali mwa msewu zinaphukira. Ambulansi ina inafika kuchipatala wodwala akadali moyo, anamwino anasowa pogwira.

“Mayi, digiri ya mwana wanu ndi yamphamvu,” anatero Che Amidu kwa a Nasimango. “Sanakhome ngakhale msomali umodzi, koma taonani chitukuko.”

Amayi a mumsika anayamba kumutumizira Ndaziona mandimu, jinja ndi uchi kuti pakhosi pasaume. Mayi wa tomato uja anamugwira dzanja n'kumunong'oneza: “Usasiye kukuwa, mwana wathu. Koma usakuwenso kwambiri. Zingamve.”

Onse ankaseka kupatula mwini digiri. Mawu anasasa. Masamu amene anawavutikira zaka zonse zija anayamba kuchita dzimbiri m'mutu. Nthawi yomweyo foni yake inali ikulira kuchokera ku Tiyeseko, dziko loyandikana nalo, losauka ngati ife tomwe. Kumeneko achinyamata anali atasesa shedi yakale ya fodya n'kuyamba kupanga kasetilaiti kawo, ndipo wa kamera ndi wa batire anali atasiya kulankhulana. Ankafuna nkhoswe.

Ndaziona sanavomere msanga. Anabwera kaye ku ofesi kwanu, a Dyeratu. Mukukumbuka? Munali pa tiyi.

“Bwana, ndabwera kudzapemphanso chidindo. Sindikufuna galimoto, sindikufuna nyumba. Ndikufuna mpando uja uli ndi ketulo.”

“Yagwada?”

“Ayi.”

“Ngakhale kuwerama pang'ono?”

“Bwana, sizidzagwada. Ngakhale nditakuwa mpaka kukalamba.”

“Ndiye ukufuna ndidinde chiyani? Wavomera wekha kuti ntchito yakukanika.”

Anaika chimkuzamawu pa tebulo, pamwamba pa mbale ya mandasi anu, n'kutuluka. Choimirira.

Pa depoti, a Nasimango anamupatsa juzi yabwino kuposa zonse za m'belo latsopano, ndi mazira owiritsa amene anagula kwa mphwake wa Che Amidu uja.

“Amayi, ine sindinafune kupita.”

“Ndikudziwa.”

“Ndikhoza kudikirabe. Mwina chaka chamawa...”

“Kwera basi, iwe. Unawauza wekha akuluakulu aja: kakaima, kagwa. Ine sindinabereke mwana woti agwere pa bwalo la dipatimenti ndi chimkuzamawu kukamwa.”

Zinadutsa zaka zingapo. Ku Weramani mitengo inafika pokhala ndi mthunzi. Amene munavutika ndinu nduna: popanda mdipiti panalibe maulendo, popanda maulendo panalibe alawansi, ndipo jekete yanu ya mabatani inayamba kukhwepa pa mimba. Kenako tsiku lina wailesi zakunja zinalengeza kuti dziko la Tiyeseko latumiza kumwamba setilaiti yake yoyamba, yaing'ono ngati ndowa ya Che Amidu, ndipo wotsogolera ntchitoyo ndi Injiniya Ndaziona Kamtedza wochokera ku Weramani.

Anthu amene anakuonani tsiku limenelo akuti munathamanga. Inu, a Dyeratu, kuthamanga! Munakagwa pa kapeti muli wefuwefu.

“Mwinimutu, nzeru yanditsikira! Mtsikana uja ndi mwana wa dziko lino, ndiye kuti ndi mwana wanu. Chimene wapanga mwana wanu ndi mdzukulu wanu. Ndipo pa mwambo wathu, agogo amanyamula mdzukulu paphewa, mutu wa mwana uli pamwamba, palibe amene amapita nazo ku bwalo!”

Ngakhale mawu simunasinthe. Mukanasinthako ndi limodzi lomwe, mwa ulemu.

“Nanga zinazo, zikwizikwi zija?” inafunsa Mfumu.

“Anzake a mdzukulu, Mwinimutu. Amabwera kudzasewera kwa agogo.”

Mfumu inagwetsa misozi. Inati ndi kale inayamba kumva kuti kumwambako kuli magazi ake. Inakuvekani Mendulo ya Nzeru Zakuya, ndipo a Malume Ambulera, pokhala chete, anagwirizana nazo.

M'mawa mwake sairini inalira. Magetsi anazima dziko lonse. Anyamata a nkhwangwa anadutsa m'misewu. Anthu a mumsika wa Tapirira anatsikira m'ngalande, ena atayiwala kale katsikidwe kake.

“Mdzukulu ameneyu watipweteka,” anatero mayi wa tomato, dengu lili pamsana.

“Mumalankhula bwino za ana a eni ake,” anayankha Che Amidu, nkhope ili m'matope. “Akukumvani ali pamwambapo.”

Munakonza chikondwerero cha Kubadwa kwa Mdzukulu. Munasindikiza zitenje za nkhope ya Mfumu itanyamula setilaiti paphewa. Munalankhula mpaka dzuwa linapendeka, kuti ufumu wa Weramani walowa m'gulu la mayiko a zamlengalenga chifukwa cha masomphenya a Mwinimutu ndi uphungu wa nduna zake. Dzina la Ndaziona munalitchula kamodzi, molakwitsa. A Nasimango munawatumizira galimoto, munawakhazika pa dzuwa kumbuyo kwa kwaya, munawapatsa chitenje chimodzi ndi botolo la zakumwa zofunda.

Mwambo utatha anakutsatirani ku galimoto yanu. Anagwada, monga mwa lamulo.

“A Nduna, ndangoti ndifunse nawo. Poti kabokosi kaja ndi mdzukulu wa Mfumu, amake a mdzukuluyo digiri yawo mwadinda?”

Munasisita thumba. “Bwalo likuunikabe, mayi. Mfundo inali yakuti tione setilaiti itagwada.”

“Koma mwanena nokha pa msonkhano kuti mdzukulu sagwada.”

“N'zoona. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta.” Munatseka chitseko, galasi linakwera.

Nkhani ya digiri ya Ndaziona ili pamenepo mpaka lero. Amaimbira foni mayi ake Lamulungu lililonse, ndipo akamatsanzika amafunsa funso lomwelomwe, ngati ketulo ikadali pa mpando. Ikadalipo. Mwagula yatsopano, yamagetsi, m'dziko limene mumazimitsa magetsi. Ana a sukulu amene amakhoza masamu amabwera pa benchi la a Nasimango kudzafunsa ngati maphunziro amenewa ali ndi tsogolo. Mayiwo amangowapatsa mtengo wa malaya, chifukwa yankho alibe. Yankho lili m'thumba lanu lakumanzere, pansi pa mendulo.

Ndiye tiuzeni, a Dyeratu, pamaso pa msika wonse wa Tapirira. Digiri imene inakupatsani mendulo, inakubwezerani mdipiti, inapatsa Mfumu mdzukulu, ndi yabwino kapena yoipa? Ngati ndi yoipa, masulani chitenjecho, vulani mendulo, mukauze Mwinimutu kuti paphewa pake pali chitsulo wamba. Ngati ndi yabwino, tulutsani chidindo mudinde, muchotse ketulo, mwana wa a Nasimango abwere kwawo. Musatiuze kuti bwalo likuunika, musakafunse kwa ambulera, ndipo musatsokomole, madzi atha. Mdzukulu akudutsa pamwamba panu pompano, kamera ili chitsegulire, ndipo ku Lonjezo wadzerako kale. Dzutsani mutu muyankhe: mudinda kapena muvula?